BWANA AKAYAMBA KULIRA, MANGANI KATUNDU

Tonsefe pano pa Chirunga timadziwa kulemba kalata yofunsira ntchito. Tidaiphunzira kupulaimale, tidaibwereza kusekondale, ndipo ena tidakhoza nayo mayeso: keyala yako kumanja, keyala ya bwana kumanzere, tsiku, kenaka mawu odzichepetsa aja othera ndi lonjezo lakuti tidzagwira ntchito mokhulupirika. Koma palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene adatiphunzitsa kalata inzake, yosiyira ntchito. Adationetsa khomo lolowera, lotulukira adalibisa kuseri kwa kabati. Nchifukwa chake mnyamata kapena mtsikana wa digiri yake, amene m'kalasi amatsutsana ndi pulofesa osaphethira, akafika poti auze bwana wake kuti "ndikupita," malovu amauma m'kamwa, maondo nkuyamba kugundana.

Nkhani yanga ndiinena poyamba pomwe, kuti ofuna kundigenda atole miyala nthawi ikadalipo. Ukaganiza bwino, nupeza kopita, nupereka kalata yako, bwana nkuyamba kukunyengerera kuti ukhale, pita. Pita mwaulemu, pita utasesa pamene unkakhala, koma pita ndithu. Misozi imene bwana amakhetsa tsiku limenelo ndi masamu, ndipo masamuwo sawerengera iwe. Ambiri a ife tivala mikanjo ku Great Hall chaka chino kapena chamawa. Tsiku limeneli lidzatifikira tonse, ndipo ndi bwino litipeze tili maso.

Anzathu amene adatitsogolera amati mwambo wake ndi umodzi, kaya ndi kubanki, kaya kusukulu yapulaiveti, kaya kubungwe la magalimoto oyera. Bwana amawerenga kalata kawiri, navula magalasi, natuma mesenjala kuti abweretse tiyi wamkaka. Munthu amene kwa zaka ziwiri wakhala akukuitana ndi chala, lero wakumbukira mfunda wako. "Aphiri, takhalani pansi tikambirane ngati anthu." Kenaka amatulutsa zingwe zitatu. Choyamba ndi cha ndalama, chachiwiri ndi cha chibale, chachitatu ndi cha mantha. China chikaduka amaponya chinzake. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

"Akukupatsani zingati kumeneko? Ifenso tikupatsani zomwezo, ndi kapamwamba." Funso loyenera kufunsa, ngakhale mumtima mokha, nlakuti: kodi ndalama zimenezi zimagona kuti masiku onsewa? Mwezi watha udapempha kuti akuonjezere, adakuuza kuti bajeti ndi yothina, ulimbe mtima mpaka chaka chamawa. Lero bajeti yomweyo yamasuka pa mphindi khumi, tiyi asanazizire. Ndalamazo zidalipo kale. Bwana ankaudziwa mtengo wako weniweni, ndipo ankangokondwa kuti mwini wake suudziwa. Tsono chimene iye akuchitcha mphatso ndi kuvomera mlandu: akuulula yekha kuti miyezi yonseyi wakhala akukulipira moperewera, ndipo akadapitiriza ukadapanda kugogoda ndi kalata.

Masamu ake ndi osavuta. Iwe ukachoka, ayenera kulengeza ntchito m'nyuzipepala, kusonkhanitsa anthu ofunsa mafunso, kusankha, kenaka kupirira miyezi ingapo pamene watsopanoyo akusokoneza mafailo ndi kuiwala maina a makasitomala. Kukuonjezera pang'ono kumamutsikira mtengo kuposa zonsezo. Akugula nthawi yoti akonzekere kukhala popanda iwe. Ndipo kuyambira tsiku limene wang'amba kalata yako, dzina lako lili ndi kachizindikiro kosaoneka: uyu mtima wake uli panja. Akamasankha wopita kumaphunziro adzakumbukira. Akamasankha wokwezedwa adzakumbukira. Ndalama za pulojekiti zikatha nkumasankha woyamba kuchotsedwa, pamenepo ndiye adzakumbukira bwino koposa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndiponso kwacha yathu tikuidziwa. Mu Meyi 2022 idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi nkuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene adabweza kalata yake mu Okutobala 2023 chifukwa chomuonjezera kangachepe, adaona kangachepeko kakusungunuka ngati mchere m'madzi pamene mafuta, shuga ndi basi zidakwera mitengo. Mudzati ndalama zimasungunuka kulikonse, ngakhale kumene amafuna kupitako. Zoona. Koma chimene chidamulembetsa kalata sichisungunuka. Kawirikawiri munthu sachoka chifukwa cha malipiro okha. Amachoka chifukwa amakalipiridwa pamaso pa anthu, chifukwa malipiro amabwera pa 12 mwezi wotsatira, chifukwa zaka zitatu zatha osaphunzira kanthu katsopano. Kodi ndi kwacha zingati zimene zingasinthe pakamwa pa bwana?

Nanga malonjezo? "Pofika Janyuwale mudzakhala supavaiza. Galimoto ikubwera. Tikukuganizirani za maphunziro kunja." Akuluakulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lonjezo limene munthu sangathe kulilemba papepala ndi kulisaina lero lomwe ndi fodya wa pachala. Janyuwale akafika mudzamva kuti abodi sadakumanebe, kapena kuti amene adalonjezayo wasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake sakudziwapo kanthu. Nthawi imeneyo ntchito ina ija idzakhala itapatsidwa kale kwa wina.

Chingwe cha ndalama chikaduka, amatulutsa cha chibale, ndipo ichi ndiye cholimba. "Mwana wanga, ife pano ndife banja limodzi. Ndidakutenga usakudziwa ngakhale kuyankha lamya. Pamaliro a mayi ako ndani adapereka galimoto?" Apa ambiri timagwa. Tidaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, kuti kukana nsalu ya akulu nkuviika, ndipo palibe dzina limene timaliopa ngati lakuti "wosayamika." Bwana akudziwa zimenezi, pakuti nayenso adaleredwa m'mudzi womwewo. Amagwira pamene makolo athu adafewetsa.

Pamenepa ndi pofunika kukumbuka mbiri ya liwu limodzi la chilankhulo chathu. Kale "thangata" lidali liwu labwino. Kuthangata kudali kuthandizana kwa pachibale: lero tilime kwa iwe, mawa tilime kwa ine. Azungu atatenga malo ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi kuno ku Zomba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, adalitola liwu limeneli nalipachika pa chinthu china. Munthu wokhala pamalo a esiteti, makamaka Alomwe amene adabwera kuchokera ku Mozambique, ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa patikiti ya kapitawo sudali mwezi wa kumwamba. Unkatalika monga afunira mwini esiteti, ndipo unkafunidwa m'dzinja, pamene munda wa munthuyo unkamera thengo. Dzina lidali la chibale, katundu wake adali wa ukapolo.

Zimene zidachitika ku Magomero pa 23 Janyuwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce, tidaziloweza m'kalasi. Chimene timaiwala nchakuti thangata adakhalapobe mpaka 1962, zaka 47 pambuyo pa usiku umenewo. Sindikunena kuti manejala wa lero ndi mzungu wa esiteti, ayi. Ndikunena kuti njira yobwereka mawu a pachibale pofuna kumanga wantchito ndi yakale m'dziko muno, ndipo ife, mwa anthu onse, sitiyenera kukodwa nayo kachiwiri. Wolemba ntchito akayamba kulankhula ngati malume, gwira thumba lako.

Tiyeseko banja limeneli. M'banja lenileni, mwana akapeza ntchito yabwino kuposa ya kale amamuphera nkhuku, anthu nkulira mnthungululu. Kholo lanji limene limakwiya mwana akakwera? Ndipo malonda akavuta, banja lomweli limatulutsa makalata onena kuti chifukwa cha mavuto a zachuma ntchito yako yatha pa 30. Tsiku limenelo palibe amene amakumbukira kuti ndinu banja, palibe tiyi wamkaka, ndipo mlonda amakuperekeza kugeti. Sindikuwada chifukwa cha zimenezo, pakuti kampani si mpingo. Koma ngati iwo ali ndi ufulu wokutulutsa masamu akawavuta, iwenso uli ndi ufulu wotuluka masamu ako akakuvuta. Lende nkukankhana.

Za kuyamika, tiyamike ndithu. Adakuphunzitsa ntchito, inde. Koma sadakuphunzitse kuti ukakhale pansi pa mtengo. Udalemba malipoti ake, udawerenga ndalama zake, udaphunzitsa ana amene makolo awo ankalipira fizi kwa iye. Ngongole imeneyo inkabwezedwa tsiku ndi tsiku kuyambira 7:30 m'mawa. Galimoto ya pamaliro ndi chifundo chimene suyenera kuchiiwala moyo wako wonse, ndipo tsiku limene maliro adzagwa kwa iye udzapite ukagone kusiwa. Umo ndi mmene chifundo cha pamaliro chimabwezedwera kwathu. Sichibwezedwa ndi zaka khumi za unyamata wako. Munthu amene amakukumbutsa maliro a mayi ako pofuna kuti usachoke pantchito, wasandutsa bokosi kukhala chikole.

Tisaganize kuti ufulu wochoka udagwa ndi mvula. Ku Britain komwe, kufikira 1875, wantchito wochoka nthawi ya mgwirizano isanathe ankatha kuponyedwa m'ndende, pamene bwana wophwanya mgwirizano womwewo ankangolipira ndalama. Atachotsa chilango chimenechi kwawo, adachisunga m'maiko amene ankawalamula. Ku South Africa, kumene agogo athu ankapita ndi Wenela, malamulo otere adachotsedwa mu 1974, ndipo kufikira pamenepo kuthawa pantchito udali mlandu wa polisi. Kwathu kuno matenanti a fodya ankamangidwa ndi ngongole ya chimanga ndi feteleza, osatha kuchoka mpaka fodya atagulitsidwa. Lamulo lidaletsa utenanti mu 2021, ngakhale kuletsa papepala ndi kuzula m'munda nzosiyana. Mu 2024 BBC idaonetsa amayi a kuno amene adapita kukagwira ntchito zam'nyumba ku Oman, nakapezeka kuti sangachoke kwa mabwana awo popanda chilolezo cha mabwanawo, ena atalandidwa mapasipoti.

Muona tsono kuti chosiyanitsa wantchito ndi kapolo ndi khomo. Onse awiri amatuluka thukuta, onse awiri amapatsidwa chakudya kapena ndalama yogulira chakudya, onse awiri angathe kukhala ndi mbuye wokoma mtima. Koma mmodzi angathe kunena kuti "ndapita," winayo sangathe. Pamene ife, amene khomo lili lotseguka, tikulephera kutuluka chifukwa choopa nkhope ya bwana, tikudzimanga tokha ndi chingwe chimene ena adafera kuti chidulidwe.

Tione chimene lamulo likunena, pakuti ambiri a ife tidzachoka pano tikudziwa mitsinje ya ku Canada koma osadziwa zimenezi. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, pa gawo 27 amaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza, ndiponso kumangirira munthu pantchito mofanana ndi ukapolo. Gawo 29 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zosowa kulikonse m'Malawi. Lamulo la za ntchito la 2000, Employment Act, pa gawo 29 limati ngati mgwirizano ulibe tsiku lothera, mbali iliyonse ingathe kuuthetsa popereka notisi yolembedwa, ndipo kwa munthu wolandira pamwezi notisiyo ndi mwezi umodzi. Ngati kontirakiti yako ikutchula nthawi yotalikirapo, tsata imeneyo. Ukachoka osapereka notisi, gawo 30 limati ulipire bwana ndalama zolingana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo. Chilango chake ndi chomwecho. Palibe ndende, palibe apolisi.

Notisi ndi chidziwitso, si pempho. Bwana amene amati "kalata yako sindikuilandira" ali ngati munthu wotsinzina kuti kunja kusache. Masiku amawerengeka ngakhale aitsekere m'dirowa. Chofunika nchakuti usunge kope, ndipo wolandira kalatayo asainepo ndi kulembapo tsiku. Ntchito ikatha, lamulo lomwelo limati malipiro ako onse otsala aperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo masiku a tchuthi amene sudapume nawonso ali ndi mtengo wake. Ukapempha, bwana ayenera kukupatsa chikalata chonena nthawi imene wagwira, udindo wako ndi malipiro ako, ndipo saloledwa kulembamo maganizo ake pa kagwiridwe kako pokhapokha iwe utafuna. Ndalama za penshoni, zimene kuyambira 2011 lamulo limakakamiza kuti zisonkhedwe, 10 peresenti kuchokera kwa bwana ndi 5 peresenti kuchokera kwa iwe, nzako, ndipo sizitsala ndi iye. Akamavuta, kuli ofesi ya leba, ndipo kuli khoti la milandu ya pantchito.

Ndinenenso zimene lamulo silikupatsa, kuti pasakhale wonena kuti ndidamunamiza. Wosiya yekha salandira ndalama zija amalandira munthu wochotsedwa pochepetsa antchito kapena wochotsedwa mopanda chilungamo. Ziwerengere usanalembe kalata. Ngati kontirakiti yako ili ndi tsiku lothera, iwerenge bwino uone chimene ikunena za kuchoka pakati. Ngati adakulipirira sukulu iwe nusaina bondi, gwira zaka zake kapena bweza ndalamazo. Imeneyo ndi ngongole yeniyeni, yolembedwa, yokhala ndi malire ake, ndipo wothawa bondi amatsekera khomo anzake a m'mbuyo. Ngongole imene ndikuikana ndi ija yopanda pepala, imene simatha, imene bwana amaikumbukira tsiku lokhalo limene wafuna kuchoka.

Chingwe chachitatu amatulutsa tiyi atazizira, nkhope itasintha. "Ntchito zikusowa kunjaku. Anzako a madigiri akugulitsa kaunjika. Udzabwera pano ukukwawa." Kuti ntchito zikusowa, palibe wa Chaka Chachinayi amene angatsutse, tonse tulo sitikuona. Nchifukwa chake sindikuuza munthu kuti asiye ntchito chifukwa wakwiya Lolemba m'mawa. Usapereke kalata usanagwire m'manja kalata ya kumene ukupita, yosainidwa, yotchula malipiro ndi tsiku loyamba, kapena usanawerenge bwino mpamba wako ngati ukukayamba geni. Koma mverani bwino mawu a bwanayu. Mphindi zochepa zapitazo amati palibe angalowe m'malo mwako. Tsopano akuti pageti pali chikhamu chofuna mpando wako. Zonse ziwiri sizingakhale zoona. Ngati chikhamucho chilipo, akulirira chiyani? Akulira chifukwa akudziwa kuti wodziwa ntchito ngati iwe, pamtengo umene amakulipira, sadzamupeza msanga.

Pali anzathu ena amene amaipitsa nkhaniyi, ndipo nawonso ndiwadzudzule. Amapereka kalata alibe maganizo ochoka, kungofuna kuopseza kuti awaonjezere. Kalata yosiyira ntchito si ndodo yoopsezera galu. Ukafuna kuonjezeredwa, gogoda, khala pansi, nena kuti ndionjezereni, ndipo upereke zifukwa. Chitani zimenezo kawiri, katatu, musanayambe kuyang'ana kwina. Koma ukafika polemba kalata, nkhani ikhale itatha mumtima. Wovomera ntchito kwina nkubwerera chifukwa cha tiyi wamkaka wanamiza anthu awiri tsiku limodzi: uko adakana ena chifukwa cha iye, kuno adziwa kuti amagulika. Dziko lathu ndi laling'ono, mabwana amakumana kuukwati ndi kumaliro, ndipo amacheza. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kodi mantha amenewa tidawatenga kuti? Mbali ina tidayamwira m'ndale za dziko lino. Mu Sepitembala 1964, Dr Banda atachotsa nduna zitatu, Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, anzawo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere adatula pansi maudindo awo. Onsewo adathawira kunja kwa dziko. Kuyambira pamenepo kufikira 1994, kutula udindo kunkaoneka ngati kuukira, ndipo ana asukulu ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Munthu sankachoka, ankachotsedwa. Boma limenelo lidatha ambiri a ife tisanabadwe, koma kamzimu kake kadatsalira m'maofesi. Mpaka lero bwana wamng'ono wa kampani ya anthu asanu ndi mmodzi amamva kalata yosiyira ntchito ngati chipongwe pa ufumu wake, ndipo wantchito amaipereka ngati wopalamula.

Tsopano ndimve amene akunditsutsa, pakuti ali ndi mfundo. Adzati: nanga namwino akachoka, odwala atani? Nanga mphunzitsi wa masamu akachoka, ana a Fomu 4 alemba chiyani? Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma taonani zimene zidachitika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri adachoka m'zipatala za boma, ena kupita ku Britain, ena kumabungwe. Odwala adavutika, palibe wokana. Madandaulo a malipiro adali atanenedwa kwa zaka zambiri osamveka. Mawodi atasowa anthu, mu 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, lidaonjezera 52 peresenti pa malipiro a anamwino, madokotala ndi ena a zaumoyo, ndi kukulitsa maphunziro a antchito atsopano. Mapazi a amene adapita adanena momveka chimene pakamwa pa otsala padalephera kumveketsa.

Ndiponso sukulu imene ingagwe chifukwa mphunzitsi mmodzi wachoka idamangidwa pa mzati umodzi, ndipo mlandu ndi wa mmisiri. Mutu umodzi susenza denga. Woyendetsa malo a ntchito ndi udindo wake kuphunzitsa anthu awiri pa ntchito iliyonse ndi kulipira bwino kuti anthu asamaganize zochoka. Akalephera, asasenzetse kulephera kwakeko mtsikana wa zaka 24 pomuuza kuti ana akalephera ndi chifukwa cha iye. Komabe chikumbumtima chili ndi malo ake. Mphunzitsi wochoka patatsala masabata atatu kuti mayeso a MSCE ayambe, pamene akadatha kupempha kumene akupitako kuti amudikire pang'ono, walakwira ana, ngakhale lamulo limukhululukire. Sankha nthawi yochokera ndi chifundo. Bwana angathe kupempha kuti tsiku lisunthe pang'ono, ndipo zimenezo nzokambirana. Zoti uchoka kapena suchoka, zimenezo si zapabwalo.

Kuchoka bwino kuli ndi mwambo wake, ndipo ndi pamene ulemu wathu wachimalawi uyenera kuonekera. Uza bwana wako pamaso, iye asanamve kwa mesenjala. Kalata ikhale yaifupi: ndikukudziwitsani kuti ndidzasiya ntchito pa tsiku lakuti, ndikuthokoza chifukwa cha zimene ndaphunzira pano, ndine wanu. Usalembemo milandu, pakuti pepala siliiwala. Usatchule kumene ukupita ngati sukufuna, ndipo usalowe m'mtsutso wa zifukwa, chifukwa chifukwa chilichonse chimene upereke adzachisandutsa chogwirira. Akanyengerera, yankha mawu amodzimodzi, modekha: "Zikomo bwana, ndamva, koma ndaganiza kale." Akabwereza, bwereza. Kukana wamkulu mwaulemu nkotheka, ndipo sikufuna kuviika nsalu ya munthu.

Mwezi wa notisi ugwire ngati mwezi woyamba. Lemba zonse zimene ukuzidziwa pamutu, onetsa wolowa m'malo mwako pamene pali mafailo, tula makiyi ndi laputopu pamaso pa mboni, bweza ngongole ya kuofesi. Usatenge makasitomala m'thumba, usanyamule zinsinsi za eni. Tsanzika onse, kuyambira mlonda ndi mayi wophika tiyi. Madzi saiwala khwawa, ndipo tsiku lina mudzakumana, mwina iye akufuna thandizo kwa iwe, mwina iwe kwa iye. Bwana wanzeru, mkwiyo ukaphwa, amalemekeza munthu amene adachoka chilili kuposa amene adatsala chogwada. Bwana amene sangakukhululukire chifukwa chochoka mwadongosolo wakuonetsa yekha kuti udachita bwino kuchoka.

Nditsirize ndi mawu kwa aphunzitsi athu, ndi kwa ife tomwe, pakuti nkhaniyi sikhudza mabanki okha. Ambiri mwa inu, akuluakulu, mudachokapo pena kuti mufike pano, ndipo anzanu ena adachoka pano kupita ku Botswana ndi kwina. Ufulu umenewu mumaudziwa kukoma kwake. Koma nanga kunyumba? Mtsikana wolera ana akati akufuna kubwerera kwawo ku Jali kuti akayambirenso sukulu, kapena mnyamata wa m'dimba akati wapeza ntchito ya ulonda yolipira bwinoko, timawayankha chiyani? "Dikira kaye tipeze wina," miyezi itatu nkutha. "Takusunga ngati mwana wathu." Ena amagwira malipiro a mwezi umodzi kuti asathawe. Munthu m'mawa waphunzitsa za thangata m'kalasi, madzulo akukadula tikiti yake kukhitchini. Lamulo la notisi ndi la masiku asanu ndi awiri lija silisankha kuti uyu ali ndi digiri, uyu ali ndi tsache.

Ndipo ife amene lero tikudya chipisi cha ngongole ku Chikanda, zaka khumi zikubwerazi ena tidzakhala kuseri kwa desiki, tikuvula magalasi. Tsiku limenelo mnyamata adzagogoda, kalata ili m'manja, maondo akugundana. Tisadzatume tiyi wamkaka. Tidzalandire kalatayo, tidzasaine, tidzamufunse chimene chamuchotsa kuti tikonze chifukwa cha otsala, tidzamulipire zake zonse nthawi yake, ndipo tidzamuperekeze mpaka pageti. Ngati tinkamufuna kwambiri, nthawi yomuonetsa idali chaka chatha, pamene adabwera kudzapempha ndipo tidamuuza za bajeti.